Chimene Amadamu Ankati Nchodziwikiratu

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1956 m'mudzi mwa Chikwaza, kufupi ndi Chinguluwe, m'boma lathu lomwe lino la Salima. Dzina lawo ndi Mayi Dailes Mtambalika, koma ambiri a inu mumawadziwa kuti Amadamu a Masamu. Bambo awo anali a Lawson Mkanthama, mlimi wa mpunga, ndipo mayi awo anali a Eveles. M'banja la ana asanu ndi mmodzi, iwowa anali achiwiri kubadwa. Ine ndaimirira pano ndine Luka Mkanthama, mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Abusa, mafumu, a Shehe ndi abale athu a ku mzikiti, anamfedwa anzanga ndi inu nonse amene mwabwera kudzatipepesa, ndibwerekeniko makutu anu. Banja latuma ine osati chifukwa ndine wodziwa kuwerenga, ayi. Wodziwa kuwerenga pa mtundu wathu ndi amene agona m'bokosimu.

Ndineneretu kuti mbiri iyi italika kuposa mmene eni ake akadafunira. Achikhala adzuke, akanandilanda pepalali n'kufufuta ngakhale mzere woyamba womwe ndawerengawu. Akanati, kodi Luka, munthu angamwalire asanabadwe, nanga zoti ndinabadwa ukuuziranji anthu? Ndi mmene analili achemwali anga. Chinthu chimene munthu angachipeze yekha kuchokera pa zina zimene akudziwa kale, iwo sankachinena. Ndineneretunso kuti pali nkhani imodzi imene yativuta m'banja masiku awiri apitawa, nkhani yakuti kodi malemuwa asiya ana angati. Pepala limene ndinalemba dzana likuti atatu. Mupirire nane, ndifika pamenepo.

Khalidwe limeneli anabadwa nalo. Mayi athu ankakonda kusimba za chaka cha 1963, pamene anawatuma koyamba kukaingitsa mbalame ku munda wa mpunga. Anawapatsa malangizo asanu: asakagone, asakasewere, asakapite kumtsinje, asakacheze ndi anzawo, ndipo mbalame zisakadye mpunga. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kanayankha kuti malangizowo ndi amodzi okha, omalizawo, chifukwa munthu amene akuletsa mbalame sangagone, sangasewere, sangachoke pamunda. Analandira mbama tsiku limenelo. Koma amayi ankamaliza nkhaniyi ndi kuseka, amvekere chaka chimenecho mpunga sunadyedwe.

Mu 1964 anayamba sukulu ya pulayimale ya mishoni kwathu komweko. Mu 1971 anakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana ku Lilongwe. Makalata amene ankalemba ali kumeneko bambo athu ankawasunga m'Baibulo, ndipo sankatupitsa Baibulo ayi, chifukwa kalata yonse inkakhala mizere iwiri. Zoti ali bwino sankalemba. Ankati munthu wodwala sakhoza masamu, ndiye mukaona malikisi mudziwa nokha. Mu 1976 anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, kumene anachita maphunziro a masamu ndi uphunzitsi, ndipo anamaliza mu 1980. M'chaka chawo chachitatu kumeneko ndi mmene anakumana ndi phunziro limene linawagwira mtima mpaka tsiku lomwalira, phunziro la mfundo zoyambira za maseti.

Musachite mantha, sindikuphunzitsani masamu pamaliro. Ine ndine wa usipa, Fomu 2 yomwe sindinamalize. Koma simungawadziwe malemuwa osadziwako pang'ono za chinthu chimene ankachikonda, ndiye ndikuuzani mmene anandiuzira ine mu 1983, tsiku lina masana atandipeza pa thandala langa kuno ku Senga Bay ndikuyanika nsomba. Anati seti ndi gulu la zinthu, monga dengu la usipa kapena kaundula wa mpingo. Anati akatswiri a masamu anagwirizana kalekale mfundo zingapo, pafupifupi khumi, zimene amazilandira popanda kufunsa umboni, ndipo masamu ena onse amamangidwa pamwamba pa mfundo zimenezo. Chimene chinkawasangalatsa iwo nchakuti pakati pa mfundozo pali zina zongotsamira pa zinzake. Utazifufuta, zotsalazo zimazibala zokha.

Nditaonetsa kuti sindikumva, anandiyesa. Anati mfundo ina imanena kuti pali gulu lopanda kanthu. Ina imanena kuti ukakhala ndi gulu, ukhoza kusankhamo zinthu za mtundu umene ukufuna n'kupanga gulu lina. Kenaka anandipatsa lichero, nati ndisankhe m'dengu langa usipa wonse wa nthenga, ndiike m'licheromo. Anthuni, ndinayamba kufufuzadi. Nditatukula mutu ndinapeza akuseka mpaka misozi, akuloza lichero lopanda kanthu lija, amvekere, “Ndi limenelo gulu lopanda kanthu, walipanga wekha. Nanga mfundo yoyamba ija inkafunikanso kulembedwa?” Amayi ogula nsomba amene analipo tsiku limenelo anandiitana Usipa wa Nthenga kwa zaka zitatu, ndipo ena mwa iwo ndikuwaona akubisa nkhope m'zitenje uko.

Panali ina imene ankaikonda koposa. Imati zinthu ziwiri zilizonse, kaya zisiyane chotani, zikhoza kukhala pamodzi m'gulu limodzi la ziwiri. Anati imeneyinso ndi yotsamira, chifukwa pali mfundo ina yaikulu yolola kuti chinthu chilichonse cha m'gulu uchichotse n'kuikapo china m'malo mwake, gulu n'kukhalabe gulu. Anaika mandimu awiri pamchenga, nachotsa limodzi n'kuikapo chambo, nachotsa linalo n'kuikapo patapata wanga. Koma anandichenjeza kuti si zonse zili choncho. Mfundo yakuti pali gulu lopanda mapeto, monga manambala, imaima payokha, ndipo ukaifufuta, zotsalazo ngakhale uzifinye bwanji siituluka. Pomaliza anagwedeza mphanda za thandala langa imodziimodzi, nazula ya pakati, thandala osagwa. Anagwira ya pangodya nati iyi yokha usayerekeze. Anawonjezanso kuti ya pakatiyo ndi yopuma pokhapokha za m'ngodya zikadali chiimire. Mawu omalizawa muwasunge, tiwafunanso.

Ntchito ya uphunzitsi anaiyamba mu Seputembala 1980 pa sekondale ya kuno kwathu, ndipo sanasamukepo mpaka kupuma. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Bambo Yakobo Mtambalika, mmisiri wokhoma mabwato wa kuno ku Senga Bay, amene anaitanidwa kudzakonza madesiki. Amene munawadziwa alamu angawa mukudziwa kuti chilichonse ankachinena katatu, ndipo kachitatuko ndiye kankatalika. Akuti pofunsira mbeta analankhula ola lathunthu, kuyambira mbiri ya agogo awo mpaka mtengo wa misomali. Achemwali anga anangomvetsera, kenaka anati, “Bweretsani ankhoswe.” Mawu oti inde sanatuluke, ndipo a Yakobo anadandaula za inde ameneyo moyo wawo wonse. Ukwati unadalitsidwa pa 15 Ogasiti 1981. Mulungu anawapatsa Tiyamike mu 1982, Mayeso mu 1985 ndi Ester mu 1988. Linali banja lokoma. Mmodzi ankalankhulira onse awiri, winayo ankaganizira onse awiri, ndipo sindinawaonepo akuitanitsa ankhoswe.

Pa ntchito anali otchuka ndi choko chofiira. Wophunzira akalemba mzere wosafunika, ankauzunguliza n'kulemba pambali kuti zodziwikiratu. Mu 1994, atakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, anapeza sukulu ili ndi malamulo makumi anayi ndi limodzi. Anakhala nawo sabata imodzi, nawatsitsa kufika pa asanu ndi anayi. Wophunzira wina wochenjeretsa atagwidwa akudumpha mpanda, anadziteteza kuti lamulo loletsa kudumpha mpanda linachotsedwa. Amadamu sanamukalipire. Anamupatsa choko, namuimika kutsogolo kwa anzake kuti asonyeze yekha mmene lamulo lochotsedwalo likutulukira m'lamulo lachitatu, loletsa kutuluka pasukulu popanda chilolezo. Anasonyezadi bwinobwino, anamupatsa malikisi onse, kenaka anamupatsa khasu akalime. Wophunzira ameneyo lero ndi loya, ndipo ndi amene watithandiza galimoto yonyamula thupi. Ku Chigwirizano cha amayi anakhala mlembi zaka khumi ndi ziwiri. Msonkhano wa maola anayi ankaulemba theka la tsamba, ndipo palibe anapezapo chosowa.

Tsopano ndibwerere m'mbuyo pang'ono, ku chaka cha 1990, chifukwa nkhani yativuta ija inayambira kumeneko. Pafupi ndi nyumba ya a Mtambalika pankakhala mayi wina wamasiye, Abiti Saidi, wogulitsa nsomba zowamba. Amuna awo anamira panyanja ndi mphepo ya mwera mwana ali m'mimba. Mwanayo anali Jamila, wobadwa mu 1981. Mu Malichi 1990 achemwali anga analandira kalata yochokera ku yunivesite ina ya kunja, yowaitana kukaphunzira zaka ziwiri za maseti omwewa, zonse zolipiridwa. Sindinawaonepo akukondwa ngati masiku amenewo, mpaka anagula sutikesi. Mu Meyi chaka chomwecho Abiti Saidi anadwala masiku anayi n'kumwalira. Anthu atabwerako kumanda, achibale ochepa amene anabwera kuchokera kutali anayamba kuyang'anana, aliyense ali ndi ana ake omwe akumulemera. Mwana uja anali atakhala pansi pa thandala la mayi ake, atagwira ndowa yawo. Malemuwa anapempha chilolezo kwa achibalewo ndi kwa a Shehe a nthawi imeneyo, namugwira dzanja mwanayo, napita naye kunyumba.

Sabata yotsatira anayankha kalata ya kunja ija ndi mzere umodzi, wothokoza ndi wokana. Sutikesi ija inakhala yosungiramo zovala za Jamila. Ine ndinapsa mtima, chifukwa ndinali nditauza kale Senga Bay yense kuti mlongo wanga akukwera ndege. Nditawafunsa chifukwa chake anangoti, “Luka, uli ndi maso.” Jamila sanamusinthe dzina, sanamusinthe chipembedzo. Masana akaweruka ku sukulu ankamuperekeza ku madrasa. Nyama ya nkhumba inatha m'nyumba imeneyo kuyambira mwezi womwewo, ndipo a Yakobo anailira katatu patsiku kwa chaka chathunthu, kenaka anazolowera. Mwezi wa Ramadani banja lonse linkadikira kuti Jamila amasule kaye ndi pamene ena adye. Pa ana onse a m'nyumbamo, amene anakonda masamu anali Jamila yekha. Tiyamike, Mayeso ndi Ester, musandiyang'ane choncho, mukudziwa kuti munatengera amalume anu.

Koma apa ndi pamene nzeru za achemwali anga zinawapusitsa, ndipo ndikunena izi mwachikondi, pamaso pawo. A Yakobo ankamuitana Jamila kuti mwana wanga woyamba, m'mawa, masana ndi madzulo, pamaso pa aliyense. Malemuwa ankangoti Jamila. Mwanayo anawadziwa poyamba ngati Amadamu a nyumba yoyandikana, ndiye anapitiriza kuwaitana Amadamu, iwo osamukonza. Kwa iwo nkhaniyi inali ngati lichero lija. Ukuona mwana akugona m'nyumba mwako, ukumupesa tsitsi, dzina lako lili pa fomu yake ya sukulu, ulendo wa kunja unaukana, ndiye chonenanso nchiyani?

Mu 2003 Jamila, ali kale mphunzitsi wa masamu, anakwatiwa ndi Bambo Kamal, amene ali pakati pathu pano. Kutatsala masiku awiri kuti ndowa, ukwati wa Chisilamu, ichitike, analimba mtima nawafunsa malemuwa kuti kodi iye kwa iwo ndi ndani, kuti adziwe chowauza apongozi. Mayankho amene analandira anali mafunso. Anakulera ndani? Ukadwala ankakhala pambali pako ndani? Ukuchokera m'nyumba ya yani popita ku ukwatiwu? Kenaka anamuuza kuti samuyo amalize yekha. Jamila yankho ankalidziwa, si munthu wolephera masamu. Koma anapita kuseri kwa khitchini nakalira, ndipo mkazi wanga ndi amene anamupeza. Chomvetsa chisoni, ndiponso choseketsa, nchakuti achemwali anga anabwera kwa ine tsiku lomwelo monyadira, amvekere lero mwana uja ndamuyankha bwino kwambiri. Sanadziwe kuti khutu nalonso lili ndi njala yake, imene mutu sungaithetse. Ine ndinadziwa za misozi ija koma sindinawauze, ndipo pamenepo ndinalakwa.

Pa 3 Novembala 2009 Bambo Yakobo Mtambalika anatisiya atadwala chibayo. Nyumba ija inangoti zii. Malemuwa sanalire mokweza, koma mpando wa amuna awo sanalole kuti munthu ausunthe pakhonde mpaka lero. Chimene sitinachizindikire nchakuti pamodzi ndi a Yakobo panapitanso mawu aja oti mwana wanga woyamba, chifukwa panalibenso wowanena. Pang'ono ndi pang'ono pa mtundu pathu panayamba kumveka mawu ena. Uja wa Abiti Saidi. Uja anangoleredwa uja. Sindiloza munthu chala, chifukwa pakamwa pangapa mawu amenewa anatulukaponso.

Mu Juni 2016 anapuma pa ntchito atatumikira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Kupuma kwake kunali kwa dzina lokha. Pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo pankadzaza ana a Fomu 4, ana a asodzi, a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti omwe, ndipo wobwera ndi ndalama ankabwezedwa nayo. Loweruka lililonse Jamila ankabwera pa kabaza kuchokera ku Salima, ndipo awiriwa ankakhala ndi makope awo n'kumatsutsana kuti mfundo iti ikutsamira pa iti, iti ingachoke, iti singachoke. Makope amenewo alipo makumi awiri ndi atatu. Ine ndikafika n'kuwapeza ali pa makope, ndinkangopereka moni n'kubwerera, poopa kutumidwanso usipa wa nthenga.

Malemuwa akhala akuvutika ndi kuthamanga kwa magazi kwa zaka zingapo. Pa 17 Epulo chaka chino cha 2025 anagwa ali kuthirira ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Anagonekedwa m'chipatala masabata atatu, ndipo madokotala anatiuza kuti ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, lilime linalemera. Munthu amene moyo wake wonse ankasunga mawu, tsopano mawu ochepa omwewo ankawavuta kutulutsa. Tiyamike ankabwera kuchokera ku Lilongwe mapeto a sabata iliyonse, Ester kuchokera ku Mzuzu, ndipo Mayeso ankaimba foni tsiku ndi tsiku kuchokera ku Joni mpaka anabwera mu Julayi. Anachita mbali yawo ana amenewa, Mulungu awadalitse. Jamila anapempha tchuthi ku ntchito, nasamukira m'nyumbamo miyezi inayi. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, ndiponso ndi iye amene anawagwira dzanja lamanzere mpaka linaphunzira kugwira cholembera.

Lachiwiri pa 12 Ogasiti anandiitanitsa. Anandipatsa kope lachikuto chobiriwira, nayesetsa mpaka anatulutsa mawu awiri: “Werenga. Maliro.” Ndinawadzudzula kuti asamatchule za maliro, ndinalandira kopelo, ndinakaliika m'chikwama. Kunena zoona sindinalitsegule. Ndinkaganiza kuti ndi masamu, ndipo ine ndi masamu tinalekana mu Fomu 2. Lachisanu pa 22 Ogasiti, nthawi ya 10 koloko m'mawa, Mayi Dailes Mtambalika anatsikira kuli chete ali kunyumba kwawo, mutu wawo uli pamiyendo pa Jamila. Amwalira ali ndi zaka 69.

Dzana Loweruka tinakhala pansi akubanja kukonza mwambo wa lero. Inu mukudziwa mmene timachitira kumanda. Nkhata zimaikidwa mwa ndondomeko, ndipo nkhata ya ana imanyamulidwa ndi mwana wamkulu, anzake ali pambali pake. Apa ndi pamene panabuka funso lija. Ena anati ana ndi a magazi. Ena anati mwambowu ndi wa Chikhristu, tisamuvutitse munthu wa chipembedzo china. Ester anaimirira nati Jamila ndi mkulu wawo, Tiyamike ndi Mayeso anavomereza, koma ife akuluakulu tinawauza kuti ana akhale chete. Wina anafunsa ngati alipo amene anamvapo malemuwa ndi pakamwa pawo akunena kuti Jamila ndi mwana wawo. Tinayang'anana. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Ine monga mwini mbumba ndinagamula kuti ana ndi atatu, ndipo Jamila adzaika nkhata pamodzi ndi aphunzitsi anzake ndi anthu oyandikana nawo nyumba. Jamila anali pomwepo, akugawa madzi akumwa. Sanatsutse. Munthu amene kwa zaka makumi atatu ndi zisanu wakhala akundiitana amalume anangogwada nati, “Zikomo, a Mkanthama.”

Mawu amenewo anandilasa. Dzulo masana, titaweruka ku tchalitchi, ndinakumbuka kope lija. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine phula ndinali nditadya kale. Masamba oyamba analidi masamu, zilembo zokhotakhota za dzanja lamanzere. Koma tsamba lomaliza linali ndi dzina langa pamwamba. Ndawaonetsa abusa, ndawaonetsa ana, onse avomereza kuti ndi dzanja la malemuwa. Anandilamula kuti ndiwerenge, ndiye ndiwerenga osadumpha liwu:

“Luka. Mphanda ya pakati ndi yopuma pokhapokha za m'ngodya zikadali chiimire. Ndinakuphunzitsa ndekha, koma m'nyumba mwanga sindinazione. Zoti Jamila ndi mwana wanga sindinkanena chifukwa zinkachokera pa zina. Ankagona m'nyumba mwanga. Yakobo ankanena. Ine ndinalipo. Yakobo anapita. Ine ndikupita. Zotsalazo sizidzaibala mfundo imeneyi. Choncho ndikuilemba kuti iime payokha, yosafuna umboni. Jamila ndi mwana wanga woyamba. Ndinalakwa kuchedwa. Ndamuuza Lamlungu ndi pakamwa panga, zinanditengera nthawi koma zinatuluka, ndipo wandiitana amayi. Koma ndikumudziwa, pa msonkhano wanu sadzanena kanthu. Watengera ine.”

Anthu a Mulungu, ndinalira ngati mwana. Ndinalira ndi manyazi, ndinaliranso ndi chimwemwe, chifukwa achemwali anga anandikonzabe samu yanga ali m'bokosi. Ndipo onani mmene ankamudziwira mwana wawo. Dzana lija Jamila mawu amenewa anali nawo mumtima, akanatha kutitseka pakamwa tonse, koma anangopitiriza kugawa madzi. M'moyo wawo wonse sindinawamvepo malemuwa akunena kuti ndinalakwa, ndipo sindinaonepo kalata yawo yotalika chonchi. Ndiye pepala langa la dzana lija ndalizunguliza ndi cholembera chofiira chimene ndapeza pa tebulo lawo. Jamila, pamaso pa mafumu, pamaso pa mpingo ndi pamaso pa amuna ako, ndikupepesa. Ndine amalume ako, ndipo dzina la Mkanthama lija usadzandiitanenso nalo.

Malemu Mayi Dailes Mtambalika asiya ana anayi. Woyamba ndi Jamila, wachiwiri Tiyamike, wachitatu Mayeso, wachinayi Ester. Asiya adzukulu khumi ndi mmodzi, osati asanu ndi atatu monga ndinalembera dzana. Pa ife obadwa nawo tatsala awiri, Mayi Precious a ku Chinguluwe ndi ine. Asiyanso makope makumi awiri ndi anayi, amene banja lagwirizana kuti asungidwe ndi yekhayo amene angawamve.

M'malo mwa banja la Mtambalika ndi la Mkanthama, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi amayi a Chigwirizano amene sanatope kudzawayendera, amayi a ku mzikiti amene akhala pa moto kuphikira anamfedwa kuyambira Lachisanu, asodzi amene mwapereka nsomba ndi nkhuni, adzukulu okumba manda, ophunzira awo akale amene mwachokera kutali, ndi Bambo Kamal amene analola mkazi wawo kuchoka pakhomo miyezi inayi osadandaula. Amene sindinakutchuleni musati ndakuiwalani. Kale ndikanati kuthokoza kwathu nkodziwikiratu, koma sabata ino ndaphunzira, ndiye ndikunena mokweza kuti zikomo nonse.

Jamila, dzuka pamene wakhalapo pakati pa oyandikana nawo nyumba. Abale ako akusungira malo apa pafupi ndi bokosi, ndipo nkhata ya ana ikudikira manja ako. Bwera, mwana wa achemwali anga.

Achemwali, inu mukanati izi zosachita kunena, anthu ali ndi maso. Koma tikunenabe, ndipo tinena katatu monga akanachitira alamu anga amene mukukawapeza. Tinkakukondani, timakukondani, tidzakukondanibe. Pitani bwino, Amadamu. Mulungu amene anakubwerekani kwa ife akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.